Chaka chimene ndinaphunzira zimene kompyuta singathe kuchita

Pa zaka zisanu zimene ndinagwira ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta ku Blantyre, panali vuto limodzi limene linkandisowetsa tulo kuposa ena onse. Tinkasamalira dongosolo lolandirira ndalama za mamembala a bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama, ndipo ambiri mwa mamembalawo ankalipira kudzera pa foni. Zinthu zikamayenda bwino, seva yathu, kompyuta imene inkayendetsa dongosololi, inkatumiza pempho ku seva ya mbali inayo, ya kampani ya ndalama za pa foni, yankho linkabwera, ndipo ndalamazo zinkalembedwa m'buku la mwini wake. Koma netiweki ikadula pempho litapita kale, yankho lisanafike, seva yathu inkatsala mumdima. Ikatumizanso pempholo, nthawi zina munthu ankadulidwa ndalama kawiri. Tikailetsa kutumizanso, ndalama za wina zinkachoka pa foni koma osaoneka m'buku. Kumapeto kwa mwezi uliwonse ine ndi mayi wina wowerengera ndalama tinkakhala mpaka mdima tikufananiza mapepala mzere ndi mzere, ndipo mumtima ndinkadziweruza kuti ndine mmisiri wosadziwa ntchito yake, kuti kwinakwake kuli anthu odziwa amene akanathetsa vutoli tsiku limodzi.

Maganizo amenewa ndi amene anandikankhira ku maphunziro a digiri yachiwiri, ya masitazi. Ndinkayembekezera kuti ndikaphunzira zilankhulo zatsopano zolembera mapulogalamu ndi njira zobisika zimene akatswiri a makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito. Mayi anga atamva kuti ndikusiya ntchito yolipidwa kuti ndikakhalenso pa benchi, anangondifunsa mofatsa kuti, "Kodi mwana wanga, sukulu yakoyi idzatha liti?" Amalume, amene mpaka lero amakhulupirira kuti ntchito yanga ndi kukonza makompyuta owonongeka, ananena kuti ndikabwereko ndi zida zabwino. Thandizo la ndalama ndinalipeza pa ulendo wachiwiri wopempha. Amene akufuna kupita ku Britain kuchokera kwathu kuno nthawi zambiri amayesa Chevening, Commonwealth kapena Beit Trust, bungwe limene limathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo kulikonse opempha amachuluka kuposa malo.

Masitazi ya ku Britain ndi yaifupi mochititsa mantha. Imatenga miyezi 12 yokha: materemu awiri a maphunziro a m'kalasi, kenako miyezi ya chilimwe cha kumeneko yonse imapita ku kafukufuku wako. Pa makirediti 180 a digiriyo, 60 amachokera ku kafukufukuyo, ndipo malikisi okhozera ndi 50, pamene kuti ukhoze mwapamwamba uyenera kufika pa 70. Palibe nthawi yozolowera kuzizira, chakudya kapena kalankhulidwe ka aphunzitsi. Sabata yachitatu isanathe, ntchito yoyamba yoti uchongedwe imakhala ili pakhomo.

Phunziro limene ndinalisankha ndi mtima wonse linali la distributed systems, kutanthauza makompyuta ambiri amene ali m'malo osiyana koma akuyenera kugwira ntchito ngati chinthu chimodzi. Tsiku loyamba ndinafika ndi laputopu yotchaja bwino, koma sitinaitsegule n'komwe. Aphunzitsi athu, mayi wachikulire wolankhula motsitsa mawu, anajambula mapiri awiri pa bolodi ndi chigwa pakati pake. Pa phiri lililonse pali mkulu wa asilikali ndi gulu lake, m'chigwamo muli adani. Magulu awiriwa akaukira nthawi imodzi apambana, koma likaukira limodzi lokha litha psiti. Njira yokha yolankhulirana ndi kutuma mthenga wodutsa m'chigwa, ndipo mthengayo akhoza kugwidwa. Mkulu woyamba atuma uthenga woti tiukire m'bandakucha. Iye sangaukire asanadziwe kuti uthenga wafika, choncho akudikira yankho. Wachiwiri walandira ndipo wayankha kuti wamva, koma nayenso sangaukire asanadziwe kuti yankho lake lafika, chifukwa ngati silinafike mnzakeyo akhala phee ndipo iye apita yekha kokaphedwa. Pakufunika yankho la yankho, kenako yankho la yankho la yankho, ndipo mzerewo ulibe polekezera.

Kenako anationetsa umboni wake, umene ndi waufupi moti ukhoza kukwana pa chikhatho. Tiyerekeze kuti ilipo njira yotsimikizika yogwirizanirana, ndipo titenge yaifupi kuposa zonse, ya mauthenga ochepetsetsa. Uthenga womaliza wa njirayo ukhoza kutayika, ndipo woutumiza sangadziwe ngati wafika, motero zochita zake sizidalira kufika kwake. Popeza njirayo ndi yotsimikizika, wolandirayo ayeneranso kuchita chimodzimodzi kaya uthengawo wafika kaya sunafike. Ndiye kuti uthenga womalizawo ndi wopanda ntchito, tikhoza kuuchotsa n'kutsala ndi njira yaifupi kuposa imene tinati ndi yaifupi kuposa zonse. Zimenezi n'zosatheka, choncho njirayo kulibe. Vutoli linalembedwa koyamba m'zaka za m'ma 1970, ine ndisanabadwe.

Ndinakhala pampando paja thukuta likutuluka ngakhale kunja kunkazizira. Mapiri awiri aja anali seva yathu ya ku Blantyre ndi seva ya mbali inayo, chigwa chija chinali netiweki. Zaka zonse zija ndinkafunafuna chinthu chimene anthu anatsimikizira kalekale kuti kulibe. Sindinganame kuti ndinangosangalala. Ndinamvanso manyazi ndi kaukali pang'ono, poganizira usiku wonse umene ndinataya ndikusinthasintha nthawi yodikirira yankho, kuchoka pa masekondi khumi kupita pa makumi atatu, ngati kuti nambala yoyenera ikanandipulumutsa.

Masabata otsatira anapitiriza kugwetsa zimene ndinkadalira. Tinawerenga pepala la mu 1978 la Leslie Lamport losonyeza kuti pakati pa makompyuta otalikirana palibe wotchi imodzi yoikhulupirira, ndipo chimene tingadziwe motsimikiza n'chakuti chochitika china chinatsogolera chinzake ngati pali unyolo wa mauthenga wozilumikiza. Kenako tinafika pa pepala la mu 1985 la Michael Fischer, Nancy Lynch ndi Michael Paterson, limene aliyense amangolitchula ndi zilembo zoyamba za maina awo kuti FLP. Iwo anatsimikizira kuti ngati mauthenga akhoza kuchedwa mopanda malire, ndipo kompyuta imodzi yokha mwa zonse ikhoza kufa mwadzidzidzi, palibe ndondomeko yosadalira mwayi imene ingalonjeze kuti makompyutawo adzamvana chimodzi nthawi zonse. Muzu wa nkhaniyi ndi wosavuta kuumva: kompyuta imene yakhala chete sungaidziwe ngati yafa kapena ikungochedwa. Aliyense amene anadikirapo m'bale pa depoti ya basi, foni yake isakupezeka, amadziwa mtima umenewo, wosadziwa ngati ubwerere kunyumba kapena udikirebe.

Pepala la FLP ndi la masamba ochepa, koma linanditengera sabata yathunthu. Apa m'pamene ndinaona kusiyana kwenikweni kwa digiri yoyamba ndi yachiwiri. Pa digiri yoyamba tinkawerenga mabuku olembedwera ophunzira, momwe wolemba amakugwira dzanja. Pa yachiwiri umapatsidwa zimene akatswiri analembera akatswiri anzawo, ndipo pamene wolemba wanena kuti mfundo ina ndi yoonekeratu, iwe ukhoza kutha madzulo onse usanaione. Ndinazindikiranso kuti chimene chinkandilemera sichinali kulemba mapulogalamu, pakuti pamenepo ndinkaposa anzanga ambiri amene anabwera molunjika kuchokera ku digiri yoyamba. Chinkandilemera chinali masamu, osati owerengera ayi, koma otsimikizira: kulemba umboni mwadongosolo, kusiyanitsa mawu akuti “pa chilichonse pali china” ndi akuti “pali china cha chilichonse”, kutsimikizira mfundo potsutsa chosiyana nacho. Sindingaimbe mlandu amene anandiphunzitsa poyamba. Zimenezi zinalipo pa silabasi, koma ine ndinaziloweza kuti ndikhoze mayeso n'kuzitaya pakhomo la holo, poganiza kuti mmisiri weniweni sazifuna. Ndinayenera kuziphunziranso usiku, ndili ndi zaka zopitirira makumi atatu, kuchokera m'buku la ana a chaka choyamba.

Phunziro lina lokakamiza, la kulemera kwa mavuto a kompyuta, linali ndi mzimu womwewo. Linayambira pa Alan Turing, amene mu 1936, makompyuta amagetsi asanapangidwe, anasonyeza kuti pali mafunso omveka bwino amene makina owerengera sangawayankhe nthawi zonse. Lodziwika kwambiri ndi lakuti, kodi pulogalamu iyi ikayamba idzaima kapena idzangozungulira mpaka kalekale. Kenako tinafika pa Stephen Cook, amene mu 1971 anasonyeza kuti pali gulu la mavuto amene yankho lake ndi losavuta kuliyesa ngati lili lolondola koma palibe amene akudziwa njira yachangu yolipezera, ndi Richard Karp, amene chaka chotsatira anaonetsa mavuto 21 a mtundu womwewo, omangirirana moti ukathetsa limodzi mwachangu wathetsa onse. Funso loti kodi njira yachanguyo ilipo, lotchedwa P ndi NP, ndi limodzi mwa mafunso asanu ndi awiri amene Clay Mathematics Institute inaikapo mphotho ya madola miliyoni imodzi lililonse m'chaka cha 2000, ndipo mpaka lero silinayankhidwe. Ndinakumbukira mphunzitsi wamkulu wina amene anandipempha pulogalamu yokonza ndandanda ya maphunziro a sukulu yake yopanda kuwombana kulikonse, ine n'kumulonjeza kuti ikhala yokonzeka Lolemba.

Wina akhoza kufunsa kuti, ngati zonsezi n'zosatheka, nanga mabanki ndi makampani a intaneti akuyenda bwanji? Yankho la funsoli ndilo linadzaza teremu yachiwiri, ndipo ndi gawo limene ndinalikonda koposa. Umboni woti chinthu n'chosatheka umatchula bwinobwino zimene waganizira kuti zilipo, ndipo mmisiri wanzeru amayang'ana kuti mwa zimenezo n'chiti chimene angachifewetse. FLP imati sungalonjeze zonse ziwiri, kusalakwa ndi kumaliza nthawi zonse. Ndondomeko zimene zikugwira ntchito m'dziko zimasankha kusalakwa zivute zitani, ndipo zimamaliza pokhapokha netiweki ikakhala bata kwa kanthawi, zimene mwamwayi zimachitika kawirikawiri. Yotchuka kwambiri ndi Paxos ya Lamport yemweyo. Anaifotokoza ngati nthano ya nyumba ya malamulo ya pa chilumba china cha ku Greece, imene aphungu ake ankalowa ndi kutuluka mwakufuna kwawo, ndipo anthu ambiri sanamve nthabwalayo; pepalalo linakhala zaka zingapo lisanasindikizidwe, mpaka mu 1998. Mu 2014 Diego Ongaro ndi John Ousterhout a ku yunivesite ya Stanford anatulutsa Raft, imene cholinga chake chachikulu chinali choti anthu aimvetse.

Raft ndi imene tinauzidwa kuti tiilembe tokha. Makompyuta, tinene asanu, amasankha mtsogoleri mwa mavoti, ndipo wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka, kutanthauza atatu. Chilichonse cholembedwa m'kaundula chimadutsa kwa mtsogoleriyo, ndipo chimatengedwa kuti chakhazikika pokhapokha makompyuta opitirira theka akachisunga. Nzeru yake yagona pa mfundo yakuti magulu awiri aliwonse a atatu mwa asanu amakhala ndi kompyuta imodzi yopezeka konsekonse, choncho atsogoleri awiri sangasankhidwe pa nyengo imodzi ya chisankho, ndipo chimene chakhazikika sichingaiwalike ngakhale makompyuta awiri atafa. Mtsogoleri akakhala chete, otsalawo amadikira kanthawi kosankhidwa mwamaere, wina kochepa wina kochulukirapo, kuti asaimirire onse pamodzi n'kugawana mavoti. Powerenga, zonsezi zimaoneka zosalala ngati mkuyu wakupsa. Nyerere zake umazipeza ukayamba kulemba.

Yanga inakhoza mayeso onse ulendo woyamba, ndipo ndinapita kukagona ndikudzitamandira. Aphunzitsi anali atatichenjeza kuti mayesowo tiziwayendetsa kambirimbiri, poti amadula ndi kuchedwetsa mauthenga mwamaere. Nditawasiya akuyenda usiku wonse, m'mawa ndinapeza kuti pa maulendo mazanamazana, angapo analephera: chinthu chimene mtsogoleri ananena kuti chakhazikika chinasowa. Ndinatha masiku anayi ndikusakasaka. Cholakwacho chinali pa mzere umodzi. Kompyuta ikavota, iyenera kulemba voti yakeyo pa disiki isanayankhe, koma ine ndinkayankha kaye n'kulemba pambuyo. Ikafa pakati pa ziwirizi n'kudzukanso, inkaiwala kuti inavota kale, n'kuvoteranso wina pa nyengo yomweyo, ndipo pankakhala atsogoleri awiri. Lamulo limenelo linalembedwa poyera m'pepala la Raft; ndinaliwerenga, koma ndinaliona ngati kachinthu kakang'ono kosafunika kukasamala.

Chochitika chimenechi n'chimene chinandisankhira mutu wa kafukufuku. Ndinafuna kudziwa ngati pali njira yopezera zolakwa zotere popanda kudikira mwayi, ndipo aphunzitsi aja, amene anavomera kuyang'anira ntchito yanga, ananditumiza ku TLA+, chilankhulo chimene Lamport anapanga chofotokozera ndondomeko mwa masamu. Umalemba zimene dongosolo lako lingachite pa sitepe iliyonse ndi zimene siziyenera kuchitika konse, kenako pulogalamu ina imayesa njira zonse zimene zinthu zingatsatizanire pa chitsanzo chaching'ono. Akatswiri a ku kampani ya Amazon analemba mu 2015 kuti njirayi inawapezera zolakwa zimene mayeso ndi maso a anthu zinawadutsa, ndipo chimodzi chinkaoneka pokhapokha masitepe 35 atatsatizana mwa mtundu wake. Ine ndinafotokoza dongosolo lolipirira lofanana ndi lija la ku Blantyre: foni, seva yolandira, seva ya ndalama, ndi netiweki yotha kutaya, kuchedwetsa kapena kubwereza uthenga.

Misonkhano yanga ndi aphunzitsiwo inali ya mphindi makumi atatu sabata iliyonse, ndipo poyamba inkandipweteka. Ndinaleredwa kuti wamkulu akalankhula umavomera, ndipo iwo akanena mfundo ndinkangogwedeza mutu n'kulemba. Tsiku lina anaika cholembera pansi n'kundiuza kuti mfundo imene anali atangonena inali yolakwika, anainena dala, ndipo akudabwa kuti munthu amene wagwira dongosolo lotere zaka zisanu waivomereza. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kunena kuti sindikugwirizana nazo, ndikupereka chifukwa, ulemu uli pomwepo. Ndikuganiza kuti kwa ambiri a ife ochokera ku sukulu za kwathu, phunziro limeneli ndi lovuta kuposa masamu, ndipo silinalembedwe pa silabasi iliyonse. Chimene anandikanizanso kangapo ndi mawu akuti “nthawi zonse” ndi “sizingatheke” m'zolemba zanga. Paliponse pamene ndinawalemba ankazunguliza ndi inki n'kufunsa kuti ndaganizira zotani kuti ndinene choncho.

Achinyamata amene amandifunsa za maphunzirowa masiku ano pafupifupi onse amafuna luntha la makina, AI, ndipo sindiwaletsa. Mwayi wake ulipo ngakhale mu Africa momwemuno: sukulu ya masamu ya AIMS, imene inayamba ku Muizenberg pafupi ndi Cape Town mu 2003, inatsegula masitazi ya luntha la makina ku Kigali mu 2018, ndipo yunivesite ya ku America ya Carnegie Mellon ili ndi nthambi yake mumzinda womwewo. Chimene ndimawauza n'chakuti dzina la phunziro lisawanyenge. Pansi pa AI pali masamu a ma matrix, a mwayi ndi a calculus, ndipo amene akuthawa masamu akawapeza akumudikira kumeneko. Ndimawauzanso mosabisa kuti amene akungofuna kudziwa chida chatsopano kuti akwezedwe pa ntchito asawononge chaka ndi ndalama. Zimenezo aziphunzira bwino pa intaneti ndi pa ntchito pomwepo, ndipo zida zimene zili m'fasho lero zidzakhala zitasintha iye asanavale gauni. Digiri yachiwiri imapindulira munthu amene ali ndi funso limene lamuluma kale. Anzanga ena a m'kalasi anali anzeru kundiposa kutali, koma nthano ya mapiri awiri ija kwa iwo inali chabe funso la pa mayeso, chifukwa anali asanaonepo mayi akulira pa kauntala kuti ndalama zake za fizi ya mwana zadulidwa kawiri. Za digiri ya udokotala, imene ku Britain imatenga zaka zitatu kapena zinayi, aphunzitsi anandilimbikitsa, koma ndinaona kuti funso langa linali litayankhidwa mokwanira, ndipo ndinalibe lina londiluma chimodzimodzi.

Yankho lake, nditalipeza, linali lodzichepetsa kwambiri. Sungatsimikize kuti uthenga ufika kamodzi kokha, koma ukhoza kuchititsa kuti kufika kwake kawiri kusavulaze munthu. Malipiro aliwonse amapatsidwa nambala yakeyake asanatumizidwe, nambalayo imalembedwa pa disiki kaye, ndipo wotumiza amabwereza pempho ndi nambala yomweyo mpaka atamva yankho. Wolandira akaona nambala imene anaigwirapo kale ntchito, sadulanso ndalama, amangobwereza yankho lakale. Chofunika n'chakuti kulemba nambalayo ndi kusuntha ndalamazo zichitike ngati chinthu chimodzi m'database, kaundula wa pa kompyuta, zonse ziwiri kapena osachitika chilichonse. Njirayi si yatsopano, ndipo sindinaitulukire ine. Chimene kafukufuku wanga anaonjezera ndi kusonyeza pamene imathyokera: nambala zakale zikafufutidwa msanga pofuna kusunga malo, uthenga wochedwa kwambiri ukhoza kufika nambala yake itaiwalika, ndipo munthu adulidwanso.

Nditabwerera kumudzi, anzanga a ku ntchito yakale anandipempha kuti ndikaone dongosolo lija, limene linali likadali ndi matenda ake. Kukonzako kunatenga masiku atatu, ndipo mbali yaikulu ya nthawiyo inapita pa kukambirana ndi a mbali inayo kuti seva yawo izisunga nambala zathu ndi kutilola kufunsa za malipiro amene yankho lake silinafike. Malipiro otere sitinawalembenso kuti alephera kapena atheka. Tinawapatsa dzina lachitatu, lakuti sakudziwika, ndipo pulogalamu imawafunsira yokha mpaka atadziwika. Mayi wowerengera ndalama uja ataona mawu atsopanowo pa sikirini, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kufunsa kuti, “Achimwene, ndiye mwapita ulendo wonse uja kuti mukaphunzire kulemba kuti simukudziwa?” Ndinawayankha kuti inde, mayi, ndipo kumapeto kwa mwezi umenewo tonse awiri tinaweruka dzuwa lisanalowe.